Apongozi pa Kaliyala

Nkhani iyi kwathu amaikamba pa ukwati uliwonse, ndipo aliyense amathirako mchere wake. Bola ndiikambe ndekha, manyazi ake ndimeze kamodzi.

Nditamaliza maphunziro a zaulimi ku koleji, ananditumiza ku Nsanje kukakhala mlangizi. Ofesi inandipatsa njinga yamoto, poti minda ya alimi anga inali kutali. Kumeneko n'kwawonso kwa amuna anga, a Zuze, ndipo bambo awo, mkulu wa mpingo wolemekezeka, njingayo sinawasangalatse. Ankati mkazi wapabanja kutang'adza pa chitsulo atavala buluku si zoona. Anauza mwana wawo kuti ndikapemphe ntchito yokhala mu ofesi.

Sindinganene kuti analakwiratu. Anali ataona anthu ambiri atathyoka miyendo pa njinga zimenezi. Komanso masiku amenewo anyamata a kabaza anali atayamba masewera oimika njinga pabwalo la mpira, kuyendera tayala lakumbuyo lokha, n'kumagwa ngati mapapaya. Ineyo pa msonkhano wina ndinawadzudzula poyera kuti ndi uchitsiru. Koma nanenso ndinali ndi mfundo yanga: popanda njinga, alimi a kutsidya kwa mtsinje sakanamuonanso mlangizi. Nkhaniyo inali ikudikira kuti akuluakulu a pabanja akhale pansi aigamule.

Muyenera kudziwanso kuti kwawo kwa a Zuze, mtengwa ndi apongozi aamuna sayandikizana. Sitikhala mphasa imodzi, sitigwirana chanza. Madzi akumwa ndinkawapatsa nditagwada chapatali, mkono nditautambasula mpaka kumva kupweteka paphewa.

Loweruka lina mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, kunali ukwati wa mphwawo wa apongozi aamuna kutsidya. Ankhoswe anali iwowo. Apongozi aakazi anali atatsogola dzulo lake kukathandiza kuphika. Njinga yakapalasa ya apongozi aamuna inaphulika tayala atangotuluka pakhomo, a Zuze anali kuntchito ku Nchalo, ndipo akabaza onse anali atapita kukaperekeza akwati.

Ndinawaona apongoziwo ataima kumapeto kwa bwalo langa, atavala jekete, chikwama cha Baibulo kukhwapa. Anatsokomola, n'kuyang'ana mtengo wa nimu.

"Amake Tadala, kodi chinjinga chanucho chimanyamula anthu awiri?"

Mwayi ndi umenewu! Ndikawafikitsa bwinobwino, mlandu wanga watha.

"Chimanyamula, Baba."

"Koma mphole-mphole."

"Pang'onopang'ono, Baba."

Ndinawapatsa helemeti yanga, ine n'kumanga duku. Anakwera mwaulemu, n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa mpando. Pakati pathu anaikapo chikwama chija ngati mpanda.

Tisanapite patali ndinamva kuti zinthu sizili bwino. Mahandulo anapepuka m'manja. Tikagunda kamwala, tayala lakutsogolo linkagwedeza mutu ngati mbuzi yokana chingwe. Apongozi anga ndi munthu wathupi, ndipo thupi lonselo linali kumbuyo. Mankhwala ake ndinkawadziwa: wokwera asendere pafupi, agwire woyendetsa m'chiuno. Koma tandiuzani, mawu amenewo angatuluke bwanji m'kamwa mwa mtengwa? Ndinaganiza zozungulira.

"Baba, mwakhala bwino kumbuyoko?"

"Pepani, mai, pepani."

Ndinamva akusendera. Chakumbuyo! Iwo anaganiza kuti ndikudandaula kuti andiyandikira kwambiri.

Mahandulo anayamba kuvina. Ndinawagwira zolimba, ndipo m'mene ndinkalimbitsira ndi m'menenso ankavinira. Thukuta linatsika m'khosi.

"Baba, pampandopa musachite mantha, khalani momasuka."

"Musavutike, mai. Mpando ndi wanu."

Anatsika pampando n'kukhala pa kaliyala, pazitsulo pomwe ndimamangapo matumba a mbewu.

Apa ndivomereze. Ndikanatha kuima, n'kutsika, n'kugwada, n'kufotokoza bwinobwino. Koma ndinkaopa kuti ndikaima aganiza kuti njinga yandikanika. Iwo ankateteza mwambo, ine ndinkateteza ntchito, njinga yokha ndiyo inalibe woiteteza.

Tinafika pamtsinje. Nthawi imeneyo umakhala wouma, mchenga wokhawokha wotentha ngati phulusa. Amene anatiphunzitsa kuyendetsa anati mumchenga osagwira buleki, koma kuwonjezera moto. Ndinawonjezera. Njinga inayamba kuyenda ngati njoka.

"Baba, kutsogolo kuno kwapepuka kwambiri!"

"Ndamva, mai! Ndikukupatsani malo!"

Ndinasuzumira pagalasi. Munthu wamkulu anali atafika pamwamba pa nyale yofiira, manja atagwira zitsulo kumbuyo, miyendo ili lendelende. Kupitirira pamenepo kunalibenso njinga.

Kutsidya kuli chitunda, ndipo pamwamba pake pomwepo ndi pamene pali tchalitchi. Ndinkamva kale kwaya ikuimba. Ndinabweza giya, n'kupotokola moto, n'kusiya kilachi mwamsangamsanga. Nthawi yomweyo tayala lakumbuyo linatuluka mumchenga n'kuluma dothi louma.

Msewu unasowa.

Ndinaona nthambi za mlambe. Ndinaona kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe. Tayala lakutsogolo linali pamphuno panga, likuzungulira lokha mwamtendere. Pofuna kudzigwira ndinakoka mahandulo, osadziwa kuti dzanja lomwelo likuwonjezera moto. Buleki ya kuphazi, imene ikanatitsitsa, ndinaiiwala ngati sindinaionepo. Tinatulukira pabwalo la tchalitchi tikuyendera tayala limodzi, ine duku lili m'khosi, anthu a ukwati onse ali panja kudikira ankhoswe.

"Maiweee!"

Anakuwa anali apongozi. Chikwama chinauluka. Kenako ndinamva chinthu cholemera chikundigunda pamsana, manja awiri akundizinga m'chiuno ngati lamba. Munthu anachoka pa nyale yofiira n'kufika pamsana panga osadutsa pampando.

Tayala linatera pansi, phi! Mahandulo anaphiriphitha ngati mlamba woti wangovuulidwa kumene, kumanja, kumanzere, kumanja. Ndinati basi, tagwa. Koma kulemera konse kunali kutabwera kutsogolo, ndipo ine manja anali atafooka ndi mantha, osalimbananso nawo. Njinga inadziwongola yokha. Tinakaima pakhomo penipeni pa tchalitchi, patsogolo pa amayi a kwaya, injini n'kuzima.

Nyimbo inathera pakati.

Apongozi sanandisiye. Maso anali atatsinzina, helemeti itatsamira paphewa langa, milomo ikupemphera m'Chisena.

Oyamba kutsegula pakamwa anali akabaza aja, amene anali ataimika njinga zawo pansi pa mlambe. Likhweru linalira.

"Madamu! Madamu! Ife tikuphunzira tokhatokha n'kumagwa, inu mpaka ndi pasenjala!"

"Paja munkati ndi uchitsiru! Kani mumafuna tisakuposeni!"

"Bwerezani, Madamu, ena sanaone!"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinkamva azakhali ena akunong'ona mokweza kuti, "Si izi tinkanena?" Mumtima ndinatsanzikana nayo njinga, ndinatsanzikana nawo alimi anga a kutsidya, ndipo banja lenilenilo ndinaliona likugwedera ngati mahandulo aja.

"Baba," ndinatero motsitsa mawu, "tafika."

Anatsegula diso limodzi. Ataona manja awo pamene anali, anawachotsa ngati agwira mbaula. Anatsika n'kuvula helemeti. Wina anawapatsira chikwama chawo atachisasa fumbi. Ine ndinatsika n'kugwada pomwepo, kudikira chigamulo pamaso pa mudzi wonse.

Anakonza jekete, n'kuyang'ana anthu, osati ine.

"Abale, musamuseke mwanayu. Wolakwa ndine. Njira yonse amandiitana kuti ndisendere, ine ndimathawa. Chitsulochi chinaima ngati tambala, koma sanandigwetse. Ndafika ndi mano anga onse." Kenako anatembenukira mbali yanga, maso ali pansi. "Takhuta, zikomo, amake Tadala. Nkhani ya njinga ija yatha. Muziyendera."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo m'maso mumadzaza misozi. Akanatha kudziteteza, pakuti manyazi awo anali aakulu kuposa anga: mkulu wa mpingo, nkhoswe, kupezeka atakumbatira mtengwa pakhomo pa tchalitchi! Zoona zake n'zakuti tinalakwa tonse, ndipo amene anatipulumutsa ndi iwo. Koma mlandu wonse anausenza okha, ine n'kundisiyira ntchito yanga. Ndidakali mlangizi, ndipo akabaza aja amandipatsa moni ngati mnzawo wamkulu, ngakhale ndakana kangapo kuwaphunzitsa zomwe sindidziwa.

Ndisanadzuke pomwe ndinagwadapo, anthu anapatuka. Anali apongozi aakazi, akuchokera kumoto, chipande chili m'manja. Anali ataona zonse. Anayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyang'ana njinga, n'kuyang'ana ine. Ndinati apa ndiye pagona nkhani.

"Amake Tadala."

"Mai."

"Chinthuchi n'chovuta kuphunzira?"

"Osati kwenikweni, Mai."

"Mawa mubwere mundiphunzitse. Chikwatirane, bambo anuwa ine sanandigwirepo chonchi!"

Bwalo lonse linagwa nacho chiseko, mpaka abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Apongozi aamuna anavalanso helemeti ija, n'kulowa nayo m'tchalitchi.

Ulemu ndi wabwino, abale, koma ukaunjikana kumbuyo kokha, kutsogolo kumadzuka.