Mchere pa kompyuta ya Esinati

Ine si munthu wamantha. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki mfuti zinkalira kuseri kwa phiri, ine ndikulima. Koma zimene ndinachita tsiku loika maliro a mnansi wanga, a Jasi, zimandiyabwa mpaka lero.

Mwana wanga wotsiriza, Esinati, amagwira ntchito ku Blantyre, pakampani ya tindege topanda woyendetsa tonyamula mankhwala kupita kuzipatala zakumidzi. Ntchito yake ndi kuyesa nzeru zimene amaika m'kandegemo. Kompyuta imayesa yokha, n'kulemba lipoti yokha, n'kulitumiza kwa abwana. Lipoti likapanda kufika, kandege sikanyamuka. Pantchitopo anali asanakhazikike, ankamuyesa kaye.

Anabwera kuno kwa Kanduku kudzalira nafe, kompyuta ili m'chikwama. Anaiyatsa patebulo, n'kuilumikiza ku batire la sola.

"Ababa, musaikhudze. Lipoti lipite dzuwa lisanalowe."

"Ndiikhudziranji? Ndi khasu?"

Onse anapita kumanda. Ine ndinatsala chifukwa cha bondo.

Masana, mudzi uli zii. Ngakhale nkhuku osalira. Nyimbo ya maliro inkamveka patali, kenako nayonso inatha. Pamenepo chinthu chija chinayamba kupuma, fuuu. Ndinasuzumira. Mizere ikudzilemba yokha, popanda dzanja, mawu aliwonse atatsekeredwa pakati pa timivi tosongoka. Chizungu ndimawerenga (Sitandade 6 yakale si masewera), koma ichi sichinali Chizungu cha anthu.

Kenako panatuluka mapu. Mtsinje wathu. Phiri lathu. Kandege kakuuluka pamwamba pake, koma panja kulibe phokoso. Kanazungulira, kanapendama, n'kugwa cha kumanda. Mzere unafiira. Kanadzuka, kanauluka, n'kugwanso pomwepo.

A Jasi anthu ankawanong'ona kuti amauluka pa lichero. Ine ndine mkulu wa mpingo, zoterozo sindizikhulupirira. Koma ndege yosaoneka, yogwera kumanda pamene akutsitsa bokosi lawo?

Ndinayamba ndi pemphero. Kanagwanso. Ndinavundikira kompyutayo ndi nsalu ya mvano ya malemu mkazi wanga. Pansi pa nsalu inkapumabe, ikutentha ngati mwana wa malungo. Ndiye ndinatenga mchere, umene amati umatsitsa ndege za afiti, n'kuuwaza pa zilembo zonse (dzanja lodzaza, ine sindine woumira). Ndinazula chingwe, n'kukanikiza batani mpaka chinthucho chinaleka kupuma.

Esinati atabwera anavundukula nsalu, n'kuima njii.

"Ababa, mwaithira mchere ngati nyama yoyanika?"

"Ndege inkagwa kumanda."

"Ndinaigwetsa dala ine! Timaigwetsa m'kompyuta kuti isadzagwe pamutu pa munthu. Mapu ndinasankha akwathu chifukwa cha mapiriwa."

"Nanga timivito?"

"Ndi makola, Ababa. Mawu aliwonse ali ndi khola lake, lotsegula n'kutseka, kuti makina a kuofesi awerenge okha. Inu mwazimitsa khola lili chitsegulire. Lipoti lonse alikana."

Mbuzi ndaweta moyo wanga wonse. Sindinayambe ndasiya khola chitsegulire.

Anachotsa mcherewo ndi nthenga ya nkhuku, osandiyang'ana, n'kuyambanso kuyesa. Dzuwa linalowa lipoti lisanathe. M'mawa mwake kandege sikananyamuke, mankhwala anapita panjinga yamoto. Abwana ataimba foni ndinatchera khutu kuseri kwa chitseko.

"Pepani bwana, kunali maliro."

Za ine sanatchule. Ntchito sinamuthere, koma anamuonjezera nthawi yomuyesa. Kupepesa pakamwa sindidziwa. Ndinamuphera tambala, iye anadya.

Ana anga akuti ndaphunzira. Mwina. Koma chiwaikireni a Jasi sanavutitsepo munthu pamudzi pano, ndipo palibe amene wandithokoza.