Tsitsi la pa Reji

Lolemba, pa 11 Novembala

Pepani ndi kalembedwe kangaka. Sukulu ndinalekezera Giredi 4, ndipo dzanja langa linazolowera khasu, osati bolopeni. Zilembo zina zagona, zina zaimirira. Komabe palibe amene adzawerenge izi, pokhapokha ngati ndafa.

Nkhani ndi iyi. Ku loji akufuna wochapa zovala, ndipo abwana akuti ndipite Lolemba la sabata yamawa ndi reji, chiphaso cha boma chija chokhala ndi chithunzi. Reji yanga inadyedwa ndi chiswe m'katoni. Chinasiya dzina la mfumu ndi khutu langa limodzi. Olembetsa mareji akubwera pasukulu Loweruka, tsiku limodzi basi. Ndikaphonya, ntchito yapita.

Koma chimene chandisowetsa mtendere ndi mawu a Amake Joyce, oyandikana nawo nyumba, aja anachokera ku Chipata amene amagulitsa tomato. Akuti: "Pojambula amavulitsa duku, anzanga. Makutu azioneka."

Duku! Ine sindinavulepo duku pagulu chiyambire chaka chimene mankhwala owongola tsitsi anandiwotcha pamutu. Lero ndatseka chitseko, ndavula, ndayang'ana pakagalasi. Mayo ine! Tsitsi lapotana, lagwirana, lauma ngati udzu woyembekeza moto. Chipeso chalowa, mano ake awiri atsala momwemo.

Chithunzi cha pa reji munthu amafa nacho. Kuchipatala, povota, paliponse, anthu adzachiona.

Amake Joyce akuti ndisade nkhawa. Pafoni pawo pali mtsikana wina amene amafewetsa tsitsi lopotana ndi zinthu za m'khitchini zokhazokha. Zofunika:
mapeyala (kuno kulibe, akuti mango ndi chimodzimodzi)
uchi
dzira
saladi
therere

Zimene ndikuopa:
kuoneka ngati wakuba pachithunzi
kuthothoka tsitsi lotsalali
amuna anga a Mwale kumva kuti saladi, mafuta athu ophikira, yathera m'mutu. Mwamwayi ali kukampu mkati mwa paki, kumene amaphikira alendo, kopanda netiweki, mpaka mvula itagwa.

Lachiwiri, pa 12

Lero uchi ndi saladi. Ndapaka 7 koloko m'mawa. Poyamba bwino ndithu, tsitsi likuwala, chala chikulowa mpaka pakhungu. Ndamanga duku, ndanyamuka kukatunga madzi.

Kumjigo dzuwa layamba, uchi wadutsa m'duku, ukutsikira m'khosi. Njuchi imodzi. Kenako zitatu. Kenako ndasiya kuwerenga. Azimayi onse asuntha zigubu zawo, aima patali. Wina akuti: "Muli bwanji, amayi a mng'oma? Tidzafule liti?"

Ndabwerera wopanda madzi, ndikuyenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi, chifukwa ndinamva kuti ukathamanga njuchi zimakwiya. Imodzi yakwiya ndithu. Kuseri kwa khutu kwatupa. Khutu lomwelo limene akufuna lizioneka!

Masana ndagona pang'ono pamphasa. Podzuka, nyerere zalambula msewu kuchokera pakhonde mpaka m'mutu mwanga. Kodi nyerere ikalowa m'khutu imafika ku ubongo? Ndikumva kanthu kakuyenda kumanzereku.

Fumbi lonse la m'mudzi muno lamatirira. Ndasambitsa ndi sopo kawiri. Uchi ukukana.

Lachitatu, pa 13

Amake Joyce akuti: "Dzira limachotsa zonse. Mupake, mudikire, mutsuke bwinobwino."

Ndatenga mazira awiri a nkhuku yanga yofiira. Yandiyang'ana ndi diso limodzi. Ikudziwa.

Ndapaka, ndadikira, ndatenga chigubu chimene chakhala padzuwa kuyambira m'mawa, ndathira.

Dzira lapsa! Lapsera m'mutu! Tizidutswa toyera tayikana m'mapotano onse a tsitsi, ndipo fungo lake ngati pasiteji ya basi pogulitsa mazira owiritsa.

Ndathamangira kwa Amake Joyce. Aseka mpaka akhala pansi, tomato wagubuduka. Akuti: "Ndinaiwala kunena kuti madzi ozizira. Kwathu kumtunda madzi a m'chigubu saphika kanthu. Chigwa chanuchi ndi mbaula."

Masana onse ndakhala ndikutokosa ndi kamtengo ka machesi. Zina zatuluka. Zambiri zakhazikika.

Galu wa kwa aneba sakundisiya. Ndikaima, waima. Ndikakhala, akuzungulira kumbuyo kwanga n'kumanyambita milomo. Ngati galu akumva chonchi, nanga fisi?

Atsala masiku atatu.

Lachinayi, pa 14

Mango ndi therere. Akuti therere limatereretsa, dzira lidzatsetsereka lokha. Ndasinja mango atatu akupsa kwambiri, ndasakaniza ndi madzi a therere, ndapaka, ndavala pulasitiki ya shuga kumutu monga mtsikana wa pafoni uja.

Zotsatira:
dzira likadalipo
uchi ukadalipo
tsopano pawonjezeka ulusi wa mango, wachikasu, wakulungana ndi tsitsi moti sindikudziwa langa ndi liti

Koma izi n'zazing'ono. Popita kukataya makoko kuseri kwa nyumba, ndapeza ndowe za njovu pansi pa mtengo wa mango. Zatsopano. Mapazi akulu ngati beseni, ndi ena aang'ono. Ili ndi mwana!

Alamu anga, ang'ono awo a Mwale, adutsa panjinga. Ayang'ana ndowe, ayang'ana mutu wanga, anunkhiza. Akuti: "Mlamu, njovu imamva mango akupsa ili kutsidya kwa Luangwa. Inu mwasenza dengu lathunthu."

Aseka, apita. Ine sindikuseka.

Njira ya kusukulu imadutsa m'nkhalango ija ya pamtsinje wouma, pamene njovu zimaima pamthunzi. Loweruka ndiyenera kudutsa pamenepo m'mawa. Njovu sidzafunsa kuti ili ndi tsitsi kapena ndi mango. Idzangotambasula chitamba n'kuthyola.

Ndasambitsa kanayi. Ndafunsa Amake Joyce ngati fungo latha. Akuti: "Latha pang'ono." Pang'ono!

Lachisanu, pa 15

M'mawa ndaganiza mozama. Kodi njovu imaopa chiyani? Tsabola. Kuminda timapaka tsabola pazingwe ndi pansanza, njovu zikafika zimabwerera. Ndipo tsabola nayenso ndi wa m'khitchini. Mtsikana wa pafoni uja sanamutchule chifukwa kwawo kulibe njovu.

Sindinafunse munthu. Ndasinja kambuzi asanu okha, ndasakaniza ndi saladi yotsala, ndapaka pamwamba pa tsitsi, osafika pakhungu. Ndamanga duku. Ndinadziona wanzeru.

10 koloko thukuta layamba.

Sindingathe kulemba zonse. Moto unayambira pakati pa mutu, unatsikira pachipumi, unalowa m'maso. Ndinapukuta ndi dzanja lomwe ndinasinjira. Ndinathamangira kumjigo osaona njira, ndinagunda nkhokwe, ndinaika mutu pansi pa mpopi n'kumakuwa kuti wina apope. Madzi akuwonjezera moto!

Amake Joyce andikokera kwawo. Ayang'ana, apukusa mutu. Akuti: "Anzanga, apa mulibenso tsitsi, muli ndiwo. Tichotse."

Sizasi yakanika. Atenga lezala.

Tsopano mutu uli mbee, wofiira, ukumva mphepo iliyonse. Maso atupa, akungotuluka misozi. Ndikulemba ndi diso limodzi.

Chabwino chimodzi chokha: sindikununkhanso mango.

Loweruka, pa 16

Ndadutsa pankhalango paja 6 koloko, ndikupemphera mokweza. Njovu palibe. Ngakhale imodzi.

Pasukulu mzere wautali, anthu a midzi yonse. Nditayandikira kutsogolo ndaganiza kuti ndivuliretu duku, kuopa kuti ojambula angandikalipire pagulu. Ndavula.

Mzere wonse maso pa ine.

Mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu wandigwira dzanja ndi manja awiri. Akuti: "Mwana wanga, mwameta kale? Zachitika liti? Bwanji sitinamve?"

Pamenepo ndi pamene ndakumbukira. Kuno munthu wamkazi sameta mpala popanda maliro. Ndipo maso anga otupa, misozi ikuyenderera, a Mwale sanaoneke m'mudzi miyezi inayi.

Ndati: "Ayi, palibe, ndi tsabola." Koma mawu atuluka ang'onoang'ono, ndipo misozi sikuleka. Akuti: "Limbani mtima, musalankhule." Wina kumbuyo akufunsa ngati inali njovu kapena ng'ona. Wina wayankha kuti njovu. Ndayesanso kukana, koma andikankhira kutsogolo kwa mzere kuti wamasiye asaime padzuwa. Ndinaopa kuti ndikalimbikira kukana andibweza kumbuyo, nthawi n'kutha ndisanajambulidwe. Ndawasiya akhulupirire choncho. Mulungu andikhululukire.

Wojambula akuti: "Amayi, tsegulani maso."

Ndati ndatsegula.

Akuti: "Yesaninso."

Wajambula choncho.

Reji ndalandira masana. Ndayang'ana kamodzi, ndaikulunga m'chitenje. Mutu ngati dzungu losenda, maso ngati olumidwa ndi mavu, khutu limodzi lalikulu kuposa linzake. Makutu akuoneka ndithu.

Lamulungu, pa 17

Sindinapite kutchalitchi, kuopa mafunso. Ndalakwitsa. Tchalitchi chabwera kuno.

Azimayi afika akuimba nyimbo ya maliro. Abweretsa:
nkhuni mitolo itatu
ufa m'beseni
nkhuku yamoyo
mphasa zogonera

Ndaima pakhonde, ndafotokoza zonse, kuyambira uchi mpaka lezala. Amake Joyce achitira umboni, koma akuseka kwambiri moti ena sanawakhulupirire. Nyimbo yazima pang'onopang'ono. Nkhuni abwerera nazo. Mwini nkhuku sakudziwika, ili pano ikumenyana ndi yofiira.

Kenako afika achemwali awo a Mwale kuchokera ku Nsefu, pakariyala ya njinga, akulira kuyambira kumsewu. Atamva zoona aleka kulira nthawi yomweyo. Akuti: "Kumeta mwamuna ali moyo? Ndiye kuti mukumuitanira. Mchimwene wanga akangopsa ndi mphika kumeneko, tidzadziwa kofunsa."

Akuti sachoka pano mpaka amuone ndi maso awo. Ayala mphasa m'chipinda changa.

Choipa kwambiri, alamu anga dzulo anatuma uthenga pa galimoto yopereka katundu kukampu, wofunsa kuti mtembo ubwera liti. Galimotoyo yapita kale.

Zimene zatsala:
Mawa ndikupita ku loji ndi rejiyi. Sindikudziwa ngati abwana adzavomera kuti munthu wa pachithunziyo azigwira zovala za alendo.
Sindikudziwa ngati tsitsi lidzameranso, ndipo likamera, ngati aliyense adzakhulupirira kuti rejiyi ndi yanga.
Saladi yatha.
A Mwale mwina pofika pano amva kuti anamwalira. Sindinapeze mawu owauza akadzabwera.