Denga la Azakhali Raya

Amalume Yefim sankayang'ana munthu kumaso. Ukawapatsa moni, ankakweza mutu, n'kuyang'anitsitsa denga limene waima pansi pake, kenako n'kunena liwu limodzi: "Lidontha." Anatero pa maukwati a eni, anatero m'tchalitchi wansembe ali pakati pa pemphero, ndipo akuti tsiku loika mkazi wawo anagogoda chivundikiro cha bokosi n'kupukusa mutu.

Anali mmisiri wokhoma malata pa fakitale ya nsomba. Boma lakale litagwa, fakitale inatsekedwa, iwo n'kumangozungulira pamsika wa m'mbali mwa mtsinje wa Amur, makwerero ali paphewa. Ndiwo anakhoma denga la kaokala ka Raisa Matveyevna, mayi wamasiye wogulitsa nsomba zamchere amene pamsika ankamutcha Azakhali Raya. Mayiyu analibe china padziko kupatula kaokalako.

Masiku amenewo liwu loti denga linali litapeza tanthauzo lachiwiri. Denga anali achifwamba amene unkawalipira kuti achifwamba anzawo asakuotchere malonda. Wopanda denga ankapeza phulusa.

Tsiku lina pamsika panaima galimoto ya ku Japan. Munatuluka Tolik Mphuno ndi anzake, onse ometa mpala, ovala majekete achikopa.

"Azakhali Raya, zikuyenda nsomba? Denga lanu ndani?"

Raisa, maso ali pa sikelo, anayankha mosaganiza: "Za denga kafunseni Yefim Trofimovich. Ali pamwambapo."

Tolik anayang'ana kumwamba. Pamalata ozizira ngati mpeni panakhala nkhalamba, nyundo ili pamiyendo, ikudya anyezi ngati apozi.

"Madala, ndinu a gulu la ndani?"

Amalume Yefim anayang'ana denga la galimoto ija nthawi yaitali. "Lidontha."

"Mwati chiyani?"

"Denga la galimoto yakoyo. Chisanu chino chisanathe. Ndaona ambiri, mwana iwe."

Tolik ankadziwa njira imodzi yokha imene denga la galimoto limadonthera: likabooledwa ndi zipolopolo. Anagula nsomba, n'kulipira, n'kuthokoza.

Sabata isanathe, msika wonse unkadziwa kuti nkhalambayo inakulira m'ndende za ku Magadan, ndi kuti nyundo ija sinayambire pa misomali. Ogulitsa nsapato, mbatata ndi fodya onse anayamba kunena kuti denga lawo ndi Yefim Trofimovich. Achifwamba anawatumizira botolo la mowa wodula; iwo anatsukira maburashi a penti. Anawaitanira chakudya ku lesitilanti kuti akambirane za malire a madera awo. Iwo anamwa msuzi, n'kuyang'ana kudenga, n'kunena liwu lawo lija. Mwini lesitilantiyo anaigulitsa n'kusamukira kwa mlongo wake ku Irkutsk.

Raisa yekha sankaseka. Ankadziwa kuti tsiku limene Tolik adzazindikire zoona, kaokala kake ndiko kadzayambe kupsa. Choncho masana aliwonse ankawaitana amalumewo, n'kuwakhazika pa bokosi pakhomo poonekera, n'kuwathirira tiyi wotentha wa shuga wambiri. Ankakhala pamenepo awiriwo, nthunzi ikukwera.

Tsiku lina analimba mtima. "Yefim Trofimovich, mukudziwa zimene anyamata aja amakuyesani?"

"Kugontha sindinagonthe, Raisa Matveyevna."

"Nanga simuopa?"

"Kunyumba kulibe wondifunsa ngakhale zimenezo." Anapemerera tiyi, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana kumaso. "Akanapanda kubwera anyamatawo, tiyiyu mukanandiitanira?"

Pomwepo panafika wogula. Raisa anapita kukayeza nsomba, ndipo pobwerera anapeza kapu yokha pa bokosi. Mawa lake amalumewo anabweranso, koma funsolo sanalibwereze.

Amalume Yefim anamwalira ali m'tulo, chipale chofewa, madzi oundana ogwa nthawi ya chisanu, chisanasungunuke. Pamaliro sipanaoneke wachibale ndi mmodzi yemwe. M'malo mwake panadzaza majekete achikopa, nkhata za maluwa zazikulu ngati matayala a thirakitala, ndi chiliza cha mwala wakuda chotalika kuposa chitseko. Tolik anayankhula, nati tataya munthu wa mawu ochepa. Aka kanali koyamba kuti anene zoona.

Maliro atatha Tolik anafika pa kaokala, chipewa chili m'manja.

"Pepani ndi zovutazi, Azakhali Raya. Koma nanga tsopano denga lanu ndani?"

Raisa anasiya sikelo. Sanamuyang'ane kumaso. Anakweza mutu, n'kuyang'anitsitsa denga la galimoto yatsopano ya Tolik, osafulumira.

"Lidontha," anatero.

Tolik anavala chipewa, n'kubwerera chafutambuyo. Mpaka lero anthu amati nyundo ija Amalume Yefim anasiyira mayiyo.

Kaokalako kadakalipo. Msika ndi womwe uja, kungoti palibenso amene amayang'ana kumwamba. Chipale chitayamba kusungunuka, denga linayambadi kudontha, pakona pamene panali bokosi lija. Raisa anatcherapo ndowa. Masana amathira tiyi m'makapu awiri, n'kukhala kumvetsera madontho, yankho la funso lija la amalume likadali pakamwa.