Oyilo Wosefera pa Chitenje

Mpaka lero ndikamva fungo la tchipisi mtima umandiwawa. Munthu akandifunsa chifukwa chimene kapikiapu kanga kakhalira pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndimangoti ndikudikira zipangizo zochokera ku Limbe. Bodza limeneli ndatopa nalo. Lero ndinena zoona, koma dziwiranitu kuti ndikulemba ndili wokwiya, ndipo mkwiyo wake sunapezebe munthu weniweni womugwera.

Ine ndine mkamwini kwa Nchema. Amene anakhalapo pachikamwini akudziwa kuti ulemu wa mkamwini ndi wa khasu: akakufuna akunyamula, akathana nawe akutsamiritsa kuseri kwa chitseko. Koma nditagula kapikiapu kakale konyamulira tomato ndi kabichi kupita ku Limbe, zinthu zinasintha. Pamaliro anayamba kundipatsa mpando m'malo mwa njerwa. Apongozi anga aakazi, amene mwamwambo salankhula nane maso ndi maso (mawu awo amadzera mwa mkazi wanga ngakhale ine ndili pomwepo), anamveka pamjigo akuuza anzawo kuti mwana wawo ali ndi galimoto. Mwana wawoyo ndinali ine.

Tsiku limene ndinakagula, a Mulipa, makaniko wa kwa Kadewere, anandikhazika pansi. Anati misewu yathu ndi yafumbi, choncho oyilo ndizisintha nthawi yake isanapitirire, ndipo fyuluta, kachitini kamene kamagwira zinyalala za mu oyilo, ndizitaya n'kuika yatsopano. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkati amakaniko onse ndi amodzi, amafuna uzingopita kwa iwo ngati kusikelo ya ana.

Amene anandiwononga ndi a Namakhwa, mnzanga wokazinga tchipisi pachiwaya pa Ndunde. Tsiku lina ndikudandaula za kukwera mtengo kwa oyilo, iwo anaseka mpaka kutsokomola, n'kuloza chiwaya chawo ndi chipande.

“Amwene, mafuta satha mphamvu, amangoda basi. Awa mukuwaonawa ndinathira Lolemba, lero ndi Lachisanu. Ndimangosefa pansalu n'kubwezera. Wafapo ndani?”

Munthu amene sanayendetsepo ngakhale njinga yamoto, ine n'kumumvera ngati wansembe paguwa! (Ndipo tchipisi chake ndinadyanso, ndi tsabola yemwe.) Ndinabwerera kunyumba ndikudziona wanzeru kuposa boma lonse la Chiradzulu.

Loweruka lotsatira mkazi wanga, mayi a Tadala, atapita kudimba, ndinakhuthulira oyilo yense wa mu injini m'beseni losambira. Anali wakuda bii, wolemera ngati phala la mawere. Beseni ndinaliika poyera, kamphepo ka fumbi kakuwomba, koma zimenezo sindinaziwerengere. Ndinayesa sefa ya ufa, zonse zinangodutsa. Ndinayesa neti ya udzudzu, chimodzimodzi. Ndiye maso anga anagwera pachingwe choyanikira zovala, pomwe panali chitenje cha mayi a Tadala chobiriwira, chojambulidwa nkhanga zachikasu. Chinali chakale ndi chofewa, ndipo ine ndinaganiza kuti chatha ntchito. Sindinakumbukire kuti ndi chimene apongozi anawapatsa kuchipatala cha kumishoni tsiku limene Tadala anabadwa.

Ndinang'ambako kachigamba, n'kukatsindira pakhosi pa botolo lodula pakati, botololo n'kulizondotsa pabowo lothirira oyilo. Poyamba zinkayenda bwino, oyilo akudontha pang'onopang'ono, ine ndikuimba mluzu. Kenaka ndinatopa kudikira, ndinathira wambiri nthawi imodzi, ndipo kachigamba kaja kanangoti psiti, kulowa mu injini. Ndinatenga waya kuti ndikakoke, koma wayayo ndi amene anakakankhira kutali. Nditaima kanthawi ndikukanda m'mutu, ndinadziuza kuti mu injini mumatentha, nsalu idzapsa yokha. Fyuluta ndinaitsuka ndi parafini ngati mbale, n'kuibwezera. Chitenje chotsalacho chinali chitada ndi zala zanga, ndiye ndinakachiponya m'chimbudzi.

Mayi a Tadala anachifunafuna masiku atatu. Ine ndinathandiza nawo kufuna (ndinasuzumira ngakhale pansi pa bedi, Mulungu andikhululukire). Mapeto ake anaganizira mng'ono wawo Aginesi, amene amakonda kubwereka zinthu osapempha. Aginesi analumbira mpaka kulira, ndipo awiriwa anatha sabata ziwiri osapatsana moni. Ine ndinkangodya nsima yanga.

Galimoto inkayendabe, ndiye ndinalimba mtima. Ndinasefanso kachiwiri, kachitatu, tsopano ndi malaya anga akale. Oyilo akachepa ndinkawonjezera wakuda amene mwini chigayo amapatsa anthu ulere kuti azipaka mitengo ya makola poopa chiswe. Kanyali kofiira ka padeshibodi katayamba kuphethira, ndinakamata ndi kapepala ka mbewu ya tomato kuti kasamandisokoneze poyendetsa. A Mulipa tinakumana pamsewu, anatchera khutu kulira kwa injini n'kunena kuti ndibwere nayo mawa lomwe. Ndinawayankha kuti ndikapeza mpata. Paja amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Tsono unafika ukwati wa Aginesi. Kumishoni kwathu maukwati amadalitsira pamodzi, ndipo Loweruka limenelo analipo anayi pa Misa imodzi. Bambo mfumu athu sadikira munthu: belu likalira naini koloko, amene palibe palibe. Aginesi wakhala akuimba m'kwaya ya pamenepo kuyambira ali kamtsikana, ndipo anzake anamukonzera nyimbo yakeyake yoti adzalowere m'tchalitchi akuvina pang'onopang'ono. Mwezi wathunthu ankayeserera sitepe yake pabwalo, nkhuku zikumuonerera. Sankalankhula za diresi kapena za keke, nkhani yake inali kulowa kumeneko basi.

Akuchimuna anati apeza galimoto yahayala. Ine ndinaimirira pamsonkhano wa abale n'kudziguguda pachifuwa kuti mlamu wanga sangakwere galimoto yachilendo ine ndili moyo. Anthu anaomba m'manja. Apongozi anauza mkazi wanga kuti andithokoze.

M'mawa wa tsikulo kapikiapu kanachena, maliboni mpaka pagalasi. Kutsogolo ndinakhala ndi Aginesi ndi mayi a Tadala. Kumbuyo tinaikako mpando wa apongozi, amayi ena asanu n'kukhala mozungulira, nyimbo ndi nthungululu zili pakamwa. Tinanyamuka nthawi yabwino, dzuwa la Okutobala litayamba kale kubaya.

Tisanafike patali injini inayamba kulira mwachilendo, ngati munthu akugogoda chitseko ndi supuni.

“Alamu, galimotoyi ikulira choncho bwanji?” anafunsa Aginesi.

Ndinamuuza kuti nayonso ikusangalala, ndipo ndinayamba kuliza hutala kosalekeza kuti phokosolo lisamveke. Mkazi wanga anandiyang'ana cham'mbali, kenaka anamatula kapepala ka tomato kaja ndi chala. Kanyali sikankaphethiranso ayi, kanali katangoyaka psuu. Anafunsa tanthauzo lake, ine ndinati ndi kokongoletsa.

Pachitunda china, pamene munthu umaona phiri la Chiradzulu bwinobwino, supuni ija inasanduka hamala. Gu! gu! gu! Utsi unatuluka paboneti, galimoto inanjenjemera kawiri n'kuzima. Kumbuyo nyimbo inatha pang'onopang'ono, mayi mmodzimmodzi akusiya, mpaka anatsala azakhali ogontha khutu okha akuimbabe. Ndinapotokola kiyi, zii. Amayi anatsika n'kukankha ndi zovala zawo zaukwati, matayala akungokhukhuluzika m'fumbi. Ndinatsegula boneti n'kumagwiragwira mawaya monga amachitira mwamuna aliyense amene sakudziwa chimene akufuna. Manja anada bii, nthawi ikupita.

Msewu umenewo galimoto ndi zosowa. Patadutsa nthawi yaitali kunatulukira njinga yamoto ya kabaza itanyamula matumba a nandolo. Tinamuchonderera mwini wakeyo, anatsitsa matumba, Aginesi anakwinya diresi n'kukhala chammbali. Ine, pofuna kuoneka wothandiza, ndinamugwira pamsana kuti akhazikike bwino. Nditachotsa dzanja, padiresi yoyera ija panatsala chikhatho changa chonse, zala zisanu, palibe chosowa. Palibe amene anamuuza. Njinga inanyamuka, ife tikuyang'ana dzanja langa likupita kutchalitchi.

Enafe tinafika wapansi, thukuta lili kamukamu. Aginesi anafika maukwati atatu aja akutuluka, kwaya ikuwaperekeza panja. Bambo mfumu anamumvera chisoni n'kumudalitsa ndi mwamuna wake Misa itatha, m'tchalitchi muli anthu ochepa ndi amayi osesa. Nyimbo ija sinaimbidwe. Sitepe ya mwezi wathunthu inathera pabwalo la nkhuku. Kumadyerero Aginesi anamwetulira alendo onse, koma maso ake atafika pa ine anangodutsa ngati adutsa chitsa. Kunena zoona, zimenezi zinandipweteka kuposa galimoto.

Galimotoyo tinaikoka ndi ngolo ya ng'ombe Lamulungu masana, ana a m'mudzi monse akutsatira. Lolemba ndinaitana a Mulipa. Anabwera ndi zitsulo zawo n'kuyamba ntchito pabwalo pomwepo, mayi a Tadala ndi apongozi atakhala pamkeka chapafupi akusola nandolo. Anamasula fyuluta n'kundipatsa kuti ndiinyamule, inali yolemera ngati mwala. Anandifotokozera kuti mkati mwake muli pepala, likadzaza ladzaza, parafini sachitapo kanthu. Anatapa oyilo ndi chala n'kupaka padzanja langa kuti ndimve mchenga ndi tizitsulo. Anati nsalu imagwira zimene diso likuona, koma chimene chimadya injini ndi chimene diso silikuona. Injini yanoka, anatero, ndipo si yokonza lero kapena mawa.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo. Koma a Mulipa analowa pansi, anamasula chipoto cha pansi pa injini chimene iwo amati sampu. Atatuluka anali ndi kanthu kakuda m'manja, kamene anati kanatseka pakamwa pa pampu yokoka oyilo, moti injini inkayenda youma. Munthu waukhondo uja sanangokataya ayi. Anakaviika m'parafini, anakafinya, anakatambasula padzuwa kuti aone kuti ndi chiyani. Pakati pa kachigambako panaoneka mutu wa nkhanga yachikasu, diso lake likundiyang'ana.

Kusola nandolo kunaima. Mayi a Tadala anadzuka, anakatenga kachigambako, anakayang'ana nthawi yaitali. Apongozi sanatembenukire kwa ine, mwambo anausunga ndithu. Anayang'ana mwana wawo n'kulankhula mofatsa.

“Tawafunsani bambo a Tadala ngati nkhanga imeneyi inalowamo yokha.”

Madzulo omwewo mkazi wanga anayenda wapansi kupita kwa Aginesi kukapepesa za chitenje. Zimene anakambirana kumeneko sindikuzidziwa, koma kuyambira tsiku limenelo awiriwa amagwirizana kwambiri, makamaka ine ndikamadutsa.

Mkwiyo wanga ndinapita nawo pa Ndunde. Ndinawapeza a Namakhwa akusefa mafuta awo mosatekeseka, ndipo ndinawalalatira mpaka ogula anasiya kutafuna. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto, anapukuta manja, n'kunena kuti iwo ankanena za tchipisi, za galimoto sazidziwa. Anandifunsanso ngati andiikire cha tsabola. Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti munthuyo sananame.

Ndiye ndikwiyire ndani? A Mulipa anandichenjeza kawiri. Kanyali kanandichenjeza mpaka ndinakatseka pakamwa. Oyilo watsopano ndi kafyuluta kamodzi ndinaziona zodula, lero tomato wanga amapita ku Limbe pagalimoto za anthu ena, ndipo m'kapikiapu kanga nkhuku za apongozi zikuikiramo mazira. Chithunzi cha ukwati chili pakhoma kwa Aginesi, anasankha dala chimene anajambulidwa chakumbuyo. Oyilo wa kuchigayo amene anatsala m'chigubu ndinapaka mitengo ya khola la mbuzi, ntchito imene inamuyenera kuyambira pachiyambi, ndipo chiswe sichinayandikeko.

Sabata yatha kunali maliro m'mudzi muno. Nditafika, mipando inalipo yopanda anthu, koma wina anandilozera njerwa. Ndinakhalapo osadandaula, pajatu galimoto yanga nayonso yakhalira zomwezo.