Sienta ya Mayi Zipora

Pulani yonse inabadwira pa benchi la kwa Mayi Sungeni ku Chinsapo, Lolemba masana, botolo lachiwiri la kachasu litafika pakati. Ndatchula botololi dala, kuti mudziwiretu mtundu wa nzeru zomwe tinali nazo tsiku limenelo.

Tinalipo atatu. Leston, amene tonse tinkamutcha Chidindo, anakhalapo dobadoba zaka zinayi kunja kwa mpanda wa Road Traffic, kuthamangira aliyense wobwera kudzalembetsa galimoto, mpaka tsiku lomwe anamupirikitsa. Shepherd, dzina la pantchito Giya, anali kondakitala wa minibasi za ku Area 25. Kuyendetsa anaphunzirira mu depoti, posuntha minibasi pamzere adalaivala akapita kukadya chipisi. Wachitatu ndinali ine, Trevor. Ankanditcha Suti, chifukwa ndinali ndi suti imodzi ya pakaunjika ndi Chingerezi cha Fomu 3.

"Amwene, sendezani makutu kuno," anatero Chidindo. "Ku Chilinde kuli mayi wina, dzina lake Zipora, amagulitsa zitenje mumsika. Wagula Sienta ku Chipata. Yalowera pa Mchinji Lachisanu, msonkho walipira wonse, koma sanailembetse. Ikadali ndi nambala ya ku Zambia."

"Ndiye?" anafunsa Giya.

"Ndiye galimoto imeneyo ilibe kwawo, aise! Ku Zambia inatsanzika, ku Malawi sinalonjeredwe. Apolisi akamaifuna aziitana dzina lanji?"

Ine ndinagwedeza mutu ngati munthu amene wamva ulaliki wozama.

Chidindo anapitiriza. Ejenti amene mayiyo anamupatsa ntchito yolembetsa galimotoyo anali Harry, mnzake wakale wa pampanda paja, ndipo Harry yemweyo ndi amene anaulula zonsezi podzitama. Anapangana kuti akaitenga Lachinayi.

"Ife tikafika Lachitatu," anatero Chidindo. "Sitithyola loko, sitidumpha mpanda. Tikagogoda pageti ngati anthu. Suti ukayankhula, Giya ukayendetsa, ine ndine ubongo. Wogula alipo kale ku 25. Dilu ya ulemu, amwene. Mbava zenizeni zimagwira ntchito dzuwa likuswa mtengo."

Ndisakunamizeni kuti anandikakamiza. Ntchito yanga yonyamula mabelo ku Kanengo inali itatha ndi sizoni ya fodya, ndipo mkazi wanga Thokozire anali atayamba kufunsa mitengo ya basi za ku Ntcheu, kwawo. Ndinaimika tambula m'mwamba, ndikuti, "Zatheka kale."

Lachitatu cha m'ma naini tinali pageti la malata ku Chilinde. Ndinavala suti ija, ndi peni m'thumba la pachifuwa. Mayi Zipora anali atapita kumsika, monga tinkayembekezera. Anatitsegulira ndi amuna awo, Abambo Stephano, mkulu wa imvi, wovala sikipa ya kwaya, wailesi ili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Tatumidwa ndi a Harry. Mapulogalamu asintha, galimoto ikalembetsedwa lero."

"Oho! Lowani, ana anga, lowani. A Harry amadziwa kusankha anthu. Taonani taye!"

Sienta inali pansi pa mtengo wa mapeyala, atayifunditsa lona ngati wodwala malungo. Titavundukula, Giya anameza malovu. Yoyera mbee, matayala akuda bii, mkati mukununkhira sopo. Abambo Stephano analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makiyi ndi fayilo ya pulasitiki yodzaza mapepala. Anandipatsa ndi manja awiri. M'moyo mwanga sindinaonepo kuba kofewa chotere.

"Ingodikirani pang'ono," anatero, "ndivale jekete."

Tinayang'anana.

Anatuluka atavala jekete, akukoka thumba la chimanga. "Mukanditsitse pachigayo, ndi njira yomweyo. Mayi anu akhala akundinena sabata yonse za chimanga chimenechi."

Thumbalo tinanyamula ndi ine ndi Chidindo, ubongo wa gulu. Mkulu uja anakhala kutsogolo, n'kuvula chipewa.

"Tisananyamuke, tipemphere."

Anapempherera galimoto. Anapempherera msewu. Anapempherera ife atatu, kuti Mulungu adalitse ntchito ya manja athu, ndiponso kuti ateteze Sientayo kwa anthu a mitima yoipa amene achuluka mu Lilongwe muno. Tinayankha "Amen" mokweza kuposa mwini pempherolo.

Giya analiza injini. Kenako anayamba kupondaponda pansi ndi phazi lamanzere, nkhope ikusintha. Anawerama n'kusuzumira kunsi kwa chiwongolero.

"Aise," ananong'ona, "atiyamba ndi ena. Kilatchi aba kale."

"Imeneyi ilibe kilatchi, mwana wanga," anatero Abambo Stephano mokoma mtima. "Ndi otomatiki. Dalaivala amene anaibweretsa kuchokera ku Chipata anandionetsa. Ponda buleki, ukokere apa pa D. Eya. Tsopano usiye pang'onopang'ono."

Umu ndi momwe tinabera galimoto: mwini wake akutiphunzitsa kuyendetsa.

Pachigayo tinatsitsa thumba, ine suti yonse gaga. Mkulu uja anatigulira nthochi kwa mayi wina pambali, n'kufunsa, "Ndiye muyambira kuti?"

Apa ndi pomwe Chingerezi changa chinagwira ntchito. "Fesiti, bambo, tipita kupolisi kukatenga kiliyalansi, kalata yotsimikiza kuti galimoto si yobedwa. Kenako kusikelo kukaiyeza kulemera, kenako COF yotsimikiza kuti ndi yoyenera pamsewu, kenako nambala."

"Mwaidziwa ntchito. Pobwerera mundipeze pompano, ufa sindingausenze."

Titangokhota pakona, tinakuwa ngati Malawi yagoletsa. Giya anatsegula wailesi mpaka kumapeto. Chidindo anatulutsa mkono pawindo, akupatsa moni anthu osawadziwa. Tinadutsa Kawale, tinalowa M1, minibasi zikutiimbira mahutala chifukwa Giya ankayenda pakati penipeni pa msewu ngati wamaliro. Ine kumbuyo ndinkadya nthochi za eni, ndikuona m'maganizo Thokozire akumasula zikwama zake.

Wogula uja anali Promise, mkulu wamimba wokhala ndi mataxi atatu ku Area 25. Anaizungulira galimoto kawiri, anagogoda matayala ndi nsapato, anamvetsera injini atatseka diso limodzi. Kenako anakhala pampando n'kuyamba kuwerenga fayilo, pepala ndi pepala, akunyowetsa chala.

"Za msonkho zili bho. Za ku Zambia zili bho. Kiliyalansi ili kuti?"

"Imeneyo ndi yaing'ono, biggy," anatero Chidindo. "Mukatenga nokha."

"Ayi. Galimoto yodutsa malire ine sindiigwira popanda kalata ya apolisi. Ndingadziwe bwanji kuti sinabedwe?"

Chidindo anaimirira, atakwiya zenizeni. "Bwana Promise, mutiyang'ane bwino. Ife tikuoneka ngati mbava?"

"Sindinatero. Bweretsani kalata, tikambirana."

Tinaima pansi pa mtengo pafupi ndi msika wa Nsungwi kuti tichite msonkhano. Giya anati tipite nayo ku Biwi, amakaniko akaiphwasule, tigulitse chitseko pachokha, nyali payokha. Kunena zoona, amenewo ndiwo anali maganizo okhawo anzeru amene anayankhulidwa tsiku lonselo, ndipo tinawakana.

"Kuphwasula galimoto ngati iyi ndi tchimo," anatero Chidindo. "Tamverani. Madala aja ali pachigayo, akudikira ufa. Mayi aja ali kumsika, akuyeza zitenje. Palibe amene akudziwa kanthu. Ndipo ine ndondomeko ndimaidziwa ngati chikhatho changa. Apolisi amafunsa anzawo a ku Zambia ngati galimoto inabedwa ku Zambia. Tsono ndikufunseni: ife tinaiba ku Zambia?"

"Ayi," tinayankha.

"Ndiye mukuopa chiyani?"

Ndinafunafuna polakwika pa mfundoyo, osapapeza. Ndinaganiza za kubwerera ku Chinsapo chimanjamanja, suti itada, ndipo ndinati, "Tiyeni."

Choncho cha m'ma leveni, anthu atatu amisinkhu yathu, osaledzera, tinalowetsa galimoto yakuba pageti la polisi. Wapageti anatilozera poimika. Tinamuthokoza.

Panali mzere wa magalimoto asanu ndi imodzi, onse mabonati ali yasa. Amene ankayang'ana anali Sajeni Angella Nkhoma, mayi wamfupi wosaseka, tochi m'dzanja limodzi, mafomu m'dzanja lina. Atafika pa ife anatenga makiyi n'kuika m'thumba mwake.

"Nambala ya chesesi sikuoneka. Pukutani."

Ndinavula taye n'kupukuta nayo.

"Mwini galimoto ndani?"

"Ndi Mayi Zipora, bwana. Ife ndi maejenti awo."

"Amene wabweretsa galimoto alembe apa. Dzina, nambala ya foni, komwe amakhala. Ndi chiphaso."

Mungaganize kuti apa ndinanama. Ndinafuna kutero, koma chiphaso cha unzika chinali kale m'manja mwa Sajeni, chithunzi changa chikundiyang'ana. Ndinalemba dzina langa lenileni. Pa "komwe amakhala" ndinawonjezera kuti kuseri kwa mjigo, nyumba ya chitseko chobiriwira, kuopa kuti angasochere.

Anati tidikire, ayambe afufuza. Tinakhala pabenchi. Ola loyamba linatha. Mantha anayamba kuchoka, ndipo tinayamba kuzolowera malo. Giya anagula mandasi. Bambo wina wa Pajero atafuna kulowerera pamzere, Chidindo anadzambatuka.

"Bwana wapolisi! Tabwerani muone izi! Anthu osatsata malamulo ndi amene akuwononga dziko lino!"

Wapolisi anabweradi n'kumubweza bamboyo kumbuyo. Chidindo anakhala pansi akupukusa mutu, akudandaula za khalidwe la Amalawi.

Ola lachiwiri lili pakati, pageti panaima njinga zamoto zitatu za kabaza. Pa yoyamba panatsika mayi wamtali, wamphamvu, chitenje chomanga m'chiuno ngati wopita kokamenya nkhondo, tepi yoyezera nsalu ikadali m'khosi. Pa yachiwiri panatsika mwamuna wa kapu yofiira. Pa yachitatu panatsika Abambo Stephano, ufa kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Tinamva pambuyo pake momwe zinayendera. Harry, wa kapu yofiira uja, anadutsa pamsika kukakumbutsa mayiwo za mawa. Mayiwo anaimbira amuna awo kuti apukute galimoto. Amuna awo anayankha kuti galimoto yapita kale ndi anyamata a Harry, ndipo ayambira kupolisi. Harry anati kumeneko n'kutaya nthawi, palibe mbava ingapite kupolisi. Mkulu uja anaumirira.

Ndipo ndi iye amene anationa poyamba. Nkhope yake inawala.

"Si awo! Mayi a Rejoice, ndimakuuzani ine! Ana okhulupirika awa. Anati kupolisi, ndipo alidi kupolisi!"

"Chidindo!" anakuwa Harry. "Iwe galu iwe!"

Ubongo wa gulu unali woyamba kuthawa. Chidindo anadumpha benchi, anazungulira Pajero ija, anaona chitseko chotsegula n'kulowa ndi liwiro lonse. Chinali chipinda chomwe apolisi amamwera tiyi. Munali asanu ndi mmodzi.

Giya anathamangira mu Sienta, anatseka chitseko, anagwira chiwongolero. Makiyi anali m'thumba mwa Sajeni, bonati ili chiyasamire kutsogolo kwake. Anakhala momwemo, akuyang'ana bonatiyo, kenako, pazifukwa zomwe mpaka lero sanandiuze, anamanga lamba.

Ine sindinathawe. Ndinaimirira, ndinakonza kolala, ndinayang'ana Mayi Zipora amene ankabwera ngati mvula ya matalala.

"Madamu," ndinatero, "apa pali misandasitandin'i."

Khofi lomwe ndinalandira linandichotsa Chingerezi chonse cha Fomu 3.

Anatikhazika pansi atatu, nsapato atativula, malamba atatilanda. Anthu a pamzere anasiya magalimoto awo kudzationera, ena akujambula ndi mafoni. Bambo wa Pajero anafika pafupi n'kumuyang'ana Chidindo nthawi yaitali. Abambo Stephano okha ndi amene ankazungulirazungulira, akugwira apolisi mikono.

"Koma mwina pali kusamvana. Anandinyamulira chimanga ana amenewa. Tinapemphera limodzi."

"Abambo a Rejoice," anatero Mayi Zipora, "mukayankhulanso, mukhala nawo pansipo."

Sajeni Nkhoma sanafunse mafunso ambiri, poti zonse zinali kale pa fomu, zolembedwa ndi dzanja langa. Analowa mu ofesi, anakhalamo kanthawi, n'kutuluka ndi pepala. Analiika pa bonati, analimenya chidindo, analisainira, n'kulipereka kwa mayiwo pamodzi ndi makiyi. Aka kanali koyamba kuona Sajeniyo akumwetulira.

"Kiliyalansi yanu iyi, mayi. Ku Zambia galimotoyi sinabedwe. Yabedwa konkuno, ndipo oiba ake abwera nayo okha, aima pamzere maola awiri."

Mayi Zipora anawerenga pepalalo mpaka pansi, analipinda bwinobwino n'kuliika mu fayilo. Kenako anatembenukira kwa ife. Ndinatseka maso, ndikudikira khofi lachiwiri.

"Iwe wa suti. Kusikelo munapita?"

"Ayi, mayi."

"COF?"

"Tinali tisanafike, mayi."

Anayang'ana dzuwa, lomwe linali litapendeka kale, n'kutsonya.

"Tsiku lonse lathunthu, anthu atatu, pepala limodzi. Ngakhale kuba, ulesi."