Santorini wa pa Chulu cha Amai Tembo

Lolemba

Nkhondo yayamba! A Hedi alengeza: chaka chamawa Jogalafe ya Giredi 9 aphunzitsa munthu mmodzi, ine kapena a Zulu, mphunzitsi watsopano uja wa laputopu. Loweruka makolo akubwera kudzaona ntchito za ana. Amene aonetse zogometsa ndiye atenga phunzirolo. Zaka zonsezi ndikuphunzitsa mapiri pano pa Chiparamba, lero andilande ndi laputopu? Ayi ndithu!

Ine ndili ndi Santorini, chilumba cha ku Girisi. Ndimachidziwa ngati ndinabadwirako, chonsecho nyanja sindinaionepo. Kalekale phiri la kumeneko linaphulika, pakati pake nkutitimira, nyanja nkulowamo. Kunangotsala mphepete, yopindika ngati chikwakwa. Ndichiumba chilumbachi! Ndipo Loweruka chiphulika makolo akuona.

Malo ndapeza kale: chulu chachikulu kuseri kwa kalasi. Phiri lomangidwa kale!

Lachiwiri

Zofunika:
- khasu
- laimu wa tinyumba toyera
- buluu wochapira, wa nyanja ndi madenga a matchalitchi
- makala, phulusa, njerwa yopera (maphompho a kumeneko ali ndi mizere yakuda, yoyera ndi yofiira)
- soda ndi viniga, zophulitsira
- abulu awiri adongo

Tikukumba chulu pamwamba, ine ndi kalasi yonse. Dzenje lake kukongola! Akutulukira Amai Tembo, ophika phala la ana, manja m'chiuno: "Aphunzitsi, chulu chimakhala ndi mwini wake. Inswa za pamenepa ndimagwira ndine chaka ndi chaka."

Ndawauza kuti tsopano si chulu, ndi Girisi. Achoka akupukusa mutu. Anthu ena ndi sayansi, kutalikirana!

Lachitatu

Tinyumba tayera mbee m'mphepete mwa phompho! Masitepe okhotakhota mpaka kunyanja, abulu akukwera. Mpesa kumeneko amaupota pansi ngati nkhata poopa mphepo, ndiye ife taika tinkhata taudzu. Mtima wanga wadzaza chimwemwe.

Pansi pa phulusa ndabisa tinyumba tina, mzinda wakale umene phirilo linakwirira. Okumba anapezamo miphika ndi zojambula m'makoma, koma mafupa a anthu ayi. Eni ake anaona zizindikiro, nkuthawa nthawi ilipo. Anthu ochenjera!

Masana mbuzi yadya munda wonse wa mpesa. Bulu mmodzi wathyoka khosi.

Lachinayi

Kuyesa kuphulitsa. Soda, viniga, ana onse kumbuyo! Kathovu fuu, basi kwatha. A Zulu akudutsa: "Zokongola, aphunzitsi. Phiri langa la pa laputopu lili ndi phokoso lomwe." Ndamwetulira mokakamiza.

Nyanja nayo! Zidebe zamadzi zisanu ndi chimodzi, chulu chamwa zonse. Chiswe chamata dothi pa tchalitchi changa chachikulu. Ndapala, ndapakanso laimu. M'mbali mwa phiri mwaoneka timabowo tatsopano. Ndatseka ndi chala, ndapakanso laimu.

Amai Tembo ali chapatali: "Mukuzithirira ndi madzi omwe? Zikomo kwambiri." Kaya akuthokozanji.

Lachisanu

Kutentha kosaneneka. Mitambo yakuda bii cha ku Kasenengwa. Timabowo tachuluka, laimu watsala pang'ono.

Mvula yoyamba ija, pompano! Zotayika:
- tinyumba tisanu ndi tiwiri
- masitepe onse
- bulu wotsala uja

Koma nyanja yadzaza! Ndathira buluu, yawala! Ndavina pamvula ngati mwana. Amai Tembo akusonkhanitsa mabeseni kukhitchini. Kaya akufuna kuphikira makolo.

Loweruka

Makolo adzaza. Mvula yakata, kadzuwa ka madzulo kawala bwino. Ndaima pambali pa phiri, viniga m'manja: "Makolo, kalekale ku Girisi..."

Sindinathire ndi dontho lomwe. Phiri laphulika lokha! Inswa! M'mabowo onse aja, m'matchalitchi, mumzinda wokwiririka, mapiko ngwee mpaka kumwamba! Kuphulika kotere sindinakuloteponso!

Mayi wina wakuwa: "Ndiwo!"

Basi. Mabeseni, zitenje, zipewa. Apampando a komiti ya makolo akukwawa m'nyanja yanga. A Hedi tayi paphewa, bondo pa tchalitchi. Amai Tembo ali pamwamba penipeni akulondolera anthu ngati wapachipata wa pa malire a Mwami: "Chulu changa ichi! M'dzenjemo musakhudze!" Dzenje langa lija ladzaza inswa mpaka pakamwa.

Santorini watitimira kachiwiri. Koma ku laputopu ya a Zulu sikunapite munthu ndi mmodzi yemwe! Ndapambana, eti?

Lamulungu

Sindinapambane. A Hedi andiimitsa potuluka m'tchalitchi: "Jogalafe atenga a Zulu. Inu dothi limakumverani, mutenge munda wa sukulu."

Zandipweteka, ndisaname. Mapu anga ndawapinda, ndawaika pansi pa bedi.

Amai Tembo atumiza mbale ya inswa zokazinga. Ati sanagwirepo zochuluka chonchi chibadwire, chaka chamawa ndikumbenso pomwepo.

Anthu a mumzinda uja anaona zizindikiro nkuthawa. Ine ndinaziona nkupakapo laimu.

Inswazo nzonona. Mbale ndamaliza.