Lipoti Limene Ndinalemba ndi Mapazi

Amene akuti ndine wabodza adzuke pabenchi langa, akasoketse buluku lake kwina! Ine zimene ndinachita chaka chija ndili mlembi wa mpingo kwathu ku Mauwa, ngakhale abusa amazidziwa.

Kutatsala masiku atatu kuti ndipereke lipoti la chaka, njuchi zinandiluma manja onse awiri, zala zinatupa ngati nthochi za makumbuka. A Mulepa, amene ankasirira udindo wanga kuyambira kalekale, anayamba kale kuyeserera siginecha. Mtima unandipweteka, sindikubisirani.

Ndiye ndinati, telala amadya ndi mapazi. Ndinagula ku Limbe kabolodi kamagetsi kochepa ngati bokosi la machesi, kamene umakauza zochita n'kumamvera, ndinazula chopondera cha mashini osokerawa ndi mapedulo awiri a njinga, mawaya ndinasenda ndi mano, msomali wamoto wowotcherera ndinaupana ndi zala zakuphazi, malamulo ake ndinawalemba pa laputopu ya mpingo ndi mphuno, mpaka kabolodi kananamiza laputopuyo kuti iko ndi kiyibodi. Mukumva? Kuponda kumanja chilembo, kumanzere china, chidendene chikagunda pakati mzere watsopano. Tsiku loyamba ndinalemba mothamanga moti laputopu inatuluka thukuta, akazi anga n'kumaikupiza ndi lichero, ndipo zilembo zina zinasefukira pansi nkhuku n'kumatola.

Kulakwa kwanga kunali kumodzi: lipoti lenilenilo ndinalilemba Loweruka, tsiku limene kutsidya kunali tchopa. Inu, Mlomwe angamve ng'oma mapazi ake n'kukhala chete? Mutu unali pa lipoti, koma mapazi anayamba okha, kuponda, kudumpha, fumbi kobo, mapedulo kuchita kufiira, masamba makumi anayi osapuma! Sindinawerengenso. Katswiri amabwereza ntchito yake? Ndinakasindikiza, Lamulungu n'kupereka.

Popeza manja anali chitupire, anawerenga ndi a Mulepa. Tsamba loyamba linali bwino: maubatizo, maukwati, denga lodontha. Tsamba lachiwiri mapazi anayamba kufotokoza kumene anayenda chaka chonse. "Lachitatu tinati tikupita kukaona odwala ku Ndunde," anawerenga a Mulepa mokweza, "koma tinakhotera kuseri kwa dimba, kwa mayi otcheza kachasu, ndipo pobwerera tinkapondana tokhatokha." Tsiku ndi tsiku, njira ndi njira, ngakhale ngalande imene ndinagonamo pa Khirisimasi! Abusa anavula magalasi. Akazi anga anatuluka osadikira dalitso.

Mukuseka chiyani? Pitani ku Blantyre, funsani amene anapangapo makina oposa amenewo. Masamba makumi anayi, ndikulumbira pali malemu bambo anga, sanaphonye ngakhale chilembo chimodzi, sananame ngakhale mawu amodzi. N'chifukwa chake mlembi lero ndi a Mulepa.